Mano anga ndi mano a agogo

Tiwerenge

Ine ndine mnyamata wa zaka 6. Ndili m'kalasi yoyamba. Kwathu ndi ku Angónia.

Dzino langa la kutsogolo linayamba kugwedera. Ndinkalikankha ndi lilime. Ndinkaligwira ndi cala. Amayi anandiletsa.

"Manja ako ndi akuda. Lisiye, licoka lokha."

Tsiku lina ndinaluma cimanga cowocha. Dzino linatsala m'cimanga. Panatuluka magazi pang'ono, koma sindinalire. Ndinathamangira kwa agogo aakazi. Ndinawapeza pa mphasa, akusankha nyemba.

"Agogo, onani! Ndili ndi gweru."

Agogo anaseka. M'kamwa mwawo munalibe mano a pamwamba. Pansi panali mano 5 okha.

"Amunanga, lero tafanana. Kaliponyeni pa denga dzinolo, limera lina."

Ndinaliponya pa denga. Kenaka ndinabwerera pa mphasa.

"Nanga inu agogo, mano anu simunaponye pa denga?"

"Ndinaponya ndili mwana ngati inu. Anamera ena abwino. Amene anamera aja ndiwo anatha. Denga limapatsa kamodzi kokha."

Agogo sadya cimanga cowocha. Sadya nsawa zokazinga. Nzimbe amangoziyang'ana. Nyama, amayi amaiduladula kaye tizidutswa ting'onoting'ono, koma agogo amangoimeza osatafuna. Akamaseka pa anthu, amaphimba pakamwa ndi nsalu.

Tiyankhe

Kodi mnyamatayu ali ndi zaka zingati?
Dzino lake linatsala kuti?
Chulani zakudya zimene agogo sadya.
Ndani m'kalasi muno ali ndi gweru? Aimike dzanja.

Munthu amamera mano kawiri

Ku sukulu ndinawauza aphunzitsi za denga. Iwo anamwetulira. Anati dzino latsopano silicokera pa denga. Limakhala kale m'kati mwa nkhama, likudikira. Likamakula, limadya muzu wa dzino lakale. Ndiye cifukwa cake dzino lakale limagwedera mpaka kucoka.

Aphunzitsi analemba pa bolodi: 20 ndi 32.

Mano a ubwana alipo 20. Amayamba kumera khanda likafika miyezi ngati 6. Mwana akamakwanitsa zaka 3, onse amakhala atamera. Pa zaka 6 kapena 7 amayamba kucoka, limodzilimodzi, mpaka mwana atafika zaka ngati 12.

Mano a ukulu alipo 32. Amenewa ndiwo otsiriza. Limodzi likacoka, lina silimeranso.

Ng'ona za mu Zambezi sizili conco. Dzino la ng'ona likathyoka, pansi pake pamatuluka lina. Likathyokanso, pamatulukanso lina. Njovu nayo imasintha mano ake otafunira kangapo. Koma munthu ndi kawiri basi.

Mawu atsopano

dzino, mano, gweru, nkhama, muzu, nsagwada, dotolo wa mano

Tiwerenge mokweza: dzi-no, gwe-ru, nkha-ma, mu-zu.

Kadontho kakuda

Usiku wina ndinamwa madzi ozizira. Dzino la kumapeto linandilasa. Amayi anandiunika m'kamwa ndi toci. Anaona kadontho kakuda pa dzino lalikulu la m'mbali.

"Si kanthu. Limeneli ndi la ubwana, lidzacoka ngati linzake lija," anatero amayi.

Mlungu womwewo kunabwera amalume ocokera ku Tete. Anadya nafe nsima. Anaona mmene agogo ankavutikira ndi ndiwo. Anakhala cete kwa nthawi.

"Amayi, tiyeni ku Tete. Kuli adotolo amene amapanga mano oikirira."

"Mano opanga? Pa ukalamba uno?" anafunsa agogo.

"Inde, amayi. Mwaonda kwambiri. Ndipo mphwangayu apite nawo, akamuone kadonthoko."

Tinakwera basi m'mawa. Tinadutsa Moatize. Tinaoloka mlatho waukulu wa pa Zambezi. Madzi anali ambiri. Ndinayang'ana ng'ona, koma sindinaione. Ku Tete kunali kotentha kuposa kwathu.

Kwa adotolo a mano

Adotolo anavala nsalu ya pakamwa ndi magolovesi. Anandikhazika pa mpando waukulu. Mpandowo unagona cagada, ine ndili pomwepo. Pamwamba panali nyale yowala.

"Yasamula, mwanawe."

Analowetsa kagalasi kakang'ono m'kamwa mwanga. Anawerenga mano. Kenaka anaitana amalume.

"Bwerani muone. Dzino ili si la ubwana ayi. Ili ndi la ukulu. Limamera mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwa mano onse. Palibe dzino limene limacoka kuti ilo limere. Likaola, lina silidzabwera."

Ndinacita mantha. Ndinaganiza za agogo.

"Kodi mulizula?" ndinafunsa.

"Iyayi. Mwabwera msanga. Bowo lake ndi laling'ono. Tilimata."

Adotolo anatenga kamakina kolira ngati udzudzu. Anacotsa pamene panaola. Anatsuka ndi kuumitsa. Anaikapo comatira coyera, cofewa ngati phala lolimba. Anaciwalitsa ndi kanyale ka buluu. Pomwepo cinauma ngati mwala.

"Luma. Tafuna pang'ono. Kodi pali pamene pakugunda?"

Panalibe. Dzino linali losalala. Kadontho kakuda kanatha.

Kodi bowo limabwera bwanji?

M'kamwa mwathu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timakonda shuga. Tikadya shuga, timatulutsa asidi. Asidiyo amadya dzino pang'onopang'ono. Poyamba pamaoneka kadontho koyera, kenaka kakuda, kenaka bowo. Bowo silitsekeka lokha. Cilonda ca pa mwendo cimapola, koma bowo la dzino limangokula.

Maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo zili ndi shuga wambiri. Kumyula siwiti tsiku lonse n'koipa kuposa kuidya kamodzi pa nthawi ya cakudya.

Mano a agogo

Ine nditatsika pa mpando, anakwerapo agogo. Nchito yawo sinathe tsiku limodzi. Tinakhala kwa amalume, tikupita ndi kubwera.

Ulendo woyamba, adotolo anayeza nkhama za agogo. Anatsuka mano 5 otsala aja. Anati ndi olimba, sawazula. Kenaka anasakaniza ufa ndi madzi m'kambale. Anathira phalalo pa kathireyi kokhota ngati nsagwada. Anakalowetsa m'kamwa mwa agogo. Agogo anatuzula maso. Patapita kanthawi phala linalimba. Atalitulutsa, linali ndi cidindo ca m'kamwa mwa agogo, monga phazi limadinda pa matope.

M'cidindomo anathiramo zonga laimu. Zitauma, panatuluka cifanizo ca nsagwada za agogo. Mmisiri wa mano anagwirira nchito pa cifanizoco.

Ulendo waciwiri, agogo analuma phula lofewa. Adotolo ankafuna kudziwa mmene nsagwada ya pamwamba imakumanirana ndi ya pansi. Anasankhanso mtundu wa mano.

"Mundipatse oyera ngati ufa woyera," anatero agogo.

Adotolo anaseka. "Amayi, akayera kwambiri, aliyense adzadziwa kuti ndi oikirira. Tiyeni tisankhe ofanana ndi anu otsalawa."

Ulendo wacitatu, mano anali ataimikidwa pa phula. Agogo anawayesa. Anadziyang'ana pa galasi nthawi yaitali. Sanayankhule.

Ulendo wacinayi, mano anali atatha. Phula lija linalowedwa m'malo ndi pulasitiki yolimba, yofiirira ngati nkhama. A pamwamba anakakamira okha ku nkhama. A pansi anali ndi timawaya togwira mano 5 aja.

Musaganize kuti agogo anadya nzimbe tsiku lomwelo. Malovu ankacuruka. Akati "sikono", mawu ankatuluka ndi likhweru. Ine ndinaseka, amalume anandidzudzula. Nkhama inatupa malo amodzi, ndipo agogo anakwiya.

"Ndiwataya m'Zambezi, akavale ng'ona!"

Tinabwereranso kwa adotolo. Anapala pang'ono pamene pankakhula. Anati ayambe ndi zofewa: phala, dzira, mbatata, nthoci. Anati azitafuna mbali zonse ziwiri pamodzi. Pang'onopang'ono agogo anazolowera.

Tiyankhe

N'cifukwa ciyani adotolo sanazule dzino la mnyamata uja?
Kodi agogo anatsala ndi mano angati?
Cidindo ca m'kamwa cikufanana ndi ciyani?
Kodi ndi bwino kuseka munthu wa mano oikirira?

Njira zina zokonzera mano

Ku khoma la adotolo kunali zithunzi. Amalume anandiwerengera.

Dzino likathyoka kwambiri koma muzu uli bwino, adotolo amalisema. Kenaka amaliveka cipewa colimba cooneka ngati dzino. Cipewaco sicivulidwa.

Pakasowa dzino limodzi, akhoza kumanga mlatho. Mlatho wa pa mtsinje umaima pa mizati. Mlatho wa m'kamwa umaima pa mano awiri a m'mbali mwa gweru. Dzino lopanga limakhala pakati.

Njira ina ndiyo kulowetsa kacitsulo mu fupa la nsagwada. Kacitsuloko kamakhala ngati muzu. Fupa limakagwira mwamphamvu pakapita miyezi. Pamwamba pake amamangapo dzino.

Kawirikawiri izi ndi za akulu. Mwana amene nsagwada zake zikukula saikidwa kacitsulo.

Kale ankapanga bwanji?

Zaka zoposa 2,500 zapitazo, anthu ena a ku Italy ankamanga mano oikirira ndi timalamba ta golide. Ku Japan ankasema mano a mtengo. M'zaka za m'ma 1700, azungu ankasema mano oikirira kucokera ku mano a mvuu. George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko la America, ankavala mano otere. Ankamupweteka ndithu.

Taganizani, munthu kutafuna ndi dzino la mvuu!

Njira ya kacitsulo ija inayamba ku Sweden. Dotolo wina dzina lake Per-Ingvar Brånemark anapeza kuti fupa limagwirana ndi citsulo ca titaniyamu. Munthu woyamba anamuika mano otere mu 1965.

Kwa makolo ndi onse a pakhomo

Gawo ili muwerenge inu akulu. Ngati pakhomo palibe wodziwa kuwerenga, mwana wa kalasi yapamwamba akuwerengereni.

Mwana wa kalasi yoyamba ali pa msinkhu umene mano 4 akulu otafunira amamera: awiri pamwamba, awiri pansi, kumapeto kwenikweni. Popeza palibe dzino limene limacoka kuti amenewa amere, makolo ambiri amawayesa a ubwana. Akaona kadontho amangoti lidzacoka lokha. Apa ndi pamene ana ambiri amatayira dzino loyenera kuwatafunira nsima mpaka ukalamba. Kulizindikira n'kosavuta. Yambirani pakati pa mano a kutsogolo, muwerenge kupita kumbuyo mbali imodzi, ndi gweru lomwe muliwerenge. Mano 5 oyamba ali pa malo a mano a ubwana. La nambala 6 ndi la ukulu. Muliyang'ane powala, kamodzi pa mwezi.

Mano a ubwana nawonso si otaya. Amasungira malo mano a ukulu. Limodzi likazulidwa nthawi isanakwane, anzake amasendera pa malopo, ndipo latsopano limamera mokhota. Mwana wa dzino lopweteka sadya bwino, sagona, ndipo m'kalasi samva zimene aphunzitsi akunena.

Tikudziwa kuti adotolo a mano ali kutali, ndipo ulendo umadya ndalama. N'cifukwa cake ambiri amafika ku cipatala dzino litaola mpaka ku muzu, ndipo cotsala n'kuzula basi. Ena amafika n'kupempha okha kuti awazule, poganiza kuti dzino likacoka nkhani yatha. Siitha. Pa gweru la munthu wamkulu, mano a m'mbali amayamba kupendekera. Dzino loyang'anana ndi gwerulo limatalika, popeza lilibe lina logundana nalo. Fupa la pamalopo limaphwa caka ndi caka. Munthu wotaya mano ambiri masaya amalowa, mawu amasintha, ndipo amasiya nyama, nsawa ndi zipatso, n'kumangodalira phala. Kumata bowo laling'ono ndi ulendo umodzi. Mano oikirira ndi maulendo angapo ndi ndalama zambiri, ndipo ngakhale atapangidwa mwaluso, satafuna ngati mano obadwa nawo. Funsani ku cipatala ca kwanuko kuti akuuzeni kumene kuli wa mano pafupi.

Dzino limene linkapweteka likangosiya lokha, musati lacira. Nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wa m'kati wafa, ndipo mafinya akhoza kusonkhana ku muzu. Tsaya likatupa, kapena mwana akatentha thupi cifukwa ca dzino, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Musaike asipilini pa nkhama, amaocha. Madzi a m'batire, palafini ndi fodya asalowe m'bowo la dzino. Ndipo dzino si cotsegulira botolo. Anyamata amacita izi podzionetsa, koma dzino losweka silibwerera.

Ana a msinkhu uwu amagwa kawirikawiri: pa mpira, pa njinga, mu mtengo wa mango. Dzino la ukulu likaguluka lonse ndi muzu wake, likhoza kubwezeretsedwa, koma pamafunika cangu. Litoleni pogwira mbali yoyera imene imaoneka m'kamwa, muzu musaugwire. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera, osapala, osapaka sopo. Mukatha, libwezereni pamalo pake, mwana alume kansalu koyera. Mukalephera, liikeni m'kapu ya mkaka, kapena mwana alavulire malovu m'kapu, muliike mmenemo. Musalikulunge pa pepala, likauma muzu umafa. Yesetsani kufika kwa adotolo ola limodzi lisanathe. Koma dzino la ubwana likaguluka, musalibwezere. Mungavulaze la ukulu limene lili pansi pake.

Ngati pakhomo pali wa mano oikirira, awavule usiku kuti nkhama zipume. Awatsuke ndi kaburashi kake, pamwamba pa beseni la madzi, cifukwa akagwa pa simenti amasweka. Agone m'kapu ya madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Atsukenso nkhama, lilime ndi mano otsala. Akathyoka, musawamate ndi guluu wa ku msika. Nkhama zimasintha pakapita zaka, conco mano akayamba kukhwepa abwerere nawo kwa adotolo. Cilonda ca m'kamwa cikapitirira milungu iwiri osapola, cikaonedwe ku cipatala. Ana muwauze kuti kapu ya agogo si coseweretsa. Ana ndi ana, amafuna kuyesa ciliconse.

Za kutsuka mano: kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona. Kwa usiku ndiko kofunika kwambiri, cifukwa munthu akagona malovu amacepa. Mankhwala otsukira mano akhale okhala ndi fuloraidi, amene amalimbitsa dzino. Kwa mwana wa zaka 3 mpaka 6, cepetsani ngati njere imodzi ya nsawawa. Akatha alavule, asacukuce ndi madzi, kuti mankhwala atsalire pa mano. Mwana wa zaka 6 dzanja lake silinakhwime, safika bwino ku mano a kumapeto aja. Muzimuthandiza kufikira atakwana zaka 7 kapena 8. Mswaci wa m'sitolo ukasowa, wa mtengo ulipo. Aliyense akhale ndi wake.

Tiwerengenso

Tinabwerera kwathu. Anthu anabwera kudzaona agogo. Agogo anapereka moni kwa onse, nsalu ili pa phewa. Sanaphimbe pakamwa.

Madzulo amayi anandiitana. Anatenga toci.

"Yasamula, ndione dzino lija."

Anawerenga ndi cala m'mwamba: 1, 2, 3, 4, 5, 6. Kenaka anaitana mlongo wanga wamng'ono, naye ayasamule.

Usiku ndinaona kapu pafupi ndi mphasa ya agogo. Mano anali m'madzi, akundisekerera. Ndinabisala kumbuyo kwa amayi.

"Amunanga, musaope. Saluma ali okha."

M'mawa ndinapita pa galasi. Pa gweru langa panali kanthu koyera, kokhala ndi timanomano ngati sowo. Dzino latsopano layamba kumera.

Agogo anakazinga nsawa. Anatapa zodzaza dzanja, nandipatsa. Iwo anatenga imodzi. Anaiika pa mano a m'mbali. Tonse tinakhala cete. Tinamva kuti khurrr.

Nchito ya kunyumba

Jambulani pakamwa panu. Pamene pali gweru musiye malo.
Wamkulu akuwerengereni mano. Lembani nambala yake m'kope.
Funsani ngati dzino la nambala 6 lamera. Lamera mbali zingati?
Mawa mubwere ndi mswaci wanu ku sukulu.